Kusaka mawu mkati mwa string: find() ikundipatsa mizere yolakwika, thandizeni

wophunzira_khodi
Moni nonse pagulu pano. Ndayamba Python miyezi itatu yapitayi ndipo lero ndakakamira pa kanthu kooneka kakang'ono koma kandidyera tsiku lonse. Ndili ndi fayilo ya log ya mizere yambirimbiri, ndikufuna kutulutsamo mizere yokhayo imene muli mawu oti ERROR. Ndalemba chonchi:

```
for mzere in fayilo:
    if mzere.find("ERROR"):
        print(mzere)
```

Chodabwitsa nchoti ikutulutsa pafupifupi fayilo yonse, mizere ya INFO, ya DEBUG, ngakhale yopanda kanthu yomwe, koma mizere yoyamba ndi ERROR, imene ndikuifunayo, siikutuluka olo umodzi. Ndayesa fayilo ina, zomwezo. Ndalakwitsa pati abale?

dala_wa_C
Achimwene vuto lanu lili pa mzere wachiwiriwo. find siyankha kuti eya kapena ayi, imayankha malo. Mawuwo akapezeka imakupatsani nambala ya pamene ayambira, ndipo kuwerenga kwake kumayambira pa 0 osati 1. Akasowa imakupatsani -1. Nde mzere woyamba ndi ERROR ukubweza 0, ndipo Python imatenga 0 ngati False, basi mzere wadumphidwa. Mzere wa INFO ukubweza -1, ndipo nambala iliyonse yosakhala 0 ndi True, olo ikhale ya minus. Mwaona? Khodi yanu ikuchita motembenuza ndendende.

mayi_wa_data
Kuwonjezera pa zomwe anena adalawa, ngati mukungofuna kudziwa kuti mawuwo alimo kapena mulibe musavutike ndi find, lembani

```
if "ERROR" in mzere:
```

Imeneyi imabweza True kapena False basi, ndipo wina akamawerenga khodi yanu amamva nthawi yomweyo chomwe mumafuna. find muzigwiritsa ntchito pamene mukufunadi malowo, mwachitsanzo mukufuna kudula string kuyambira pamenepo. Ndipo ngati ERROR amakhala koyambirira kwa mzere nthawi zonse, `mzere.startswith("ERROR")` ndi yabwino kuposa zonsezi chifukwa siitola mzere wa INFO umene wangotchula ERROR pakati pa uthenga.

wophunzira_khodi
Aaa zatheka! Ndasintha kuika `in` ndipo yatulutsa mizere 14 yokha, yeniyeniyo. Zikomo kwambiri amayi ndi adala. Koma ndifunse, bwanji anaipanga kuti izibweza -1? Sikukanakhala bwino kungobweza None kapena kukuwa kuti mulibe?

dala_wa_C
Yokuwayo iliponso, dzina lake index. `mzere.index("ERROR")` imasaka chimodzimodzi koma ikalephera imaponya ValueError, pulogalamu imaima pokhapokha mutaigwira ndi try. Ine ndimaikonda pamalo pamene ndikudziwa kuti chinthucho chiyenera kukhalapo, chifukwa chikasowa ndikufuna ndimve msanga osati pulogalamu izingopitirira ndi nambala yabodza. -1 mu Python ndi woopsa mwapadera chifukwa ndi index yovomerezeka, `s[-1]` ndi chilembo chomaliza. Taonani ichi chimene anthu ambiri amalemba pofuna kutenga zimene zili kumanja kwa colon:

```
mtengo = s[s.find(":") + 1:]
```

Colon ikasowa, -1 kuphatikiza 1 ndi 0, nde `s[0:]` ndi string yonse. Palibe error, palibe chani, mumangolandira zolakwika mwakachetechete nkuzisunga. Pa ntchito ngati imeneyo gwiritsani `s.partition(":")`, imakupatsani zigawo zitatu, kumanzere, colon yomweyo, ndi kumanja, ndipo chapakaticho chikabwera chopanda kanthu mwadziwa kuti colon munalibe.

php_mpaka_kale
Mbuna imeneyi siya Python yokha ayi. Ife a PHP tinagweramo zaka zambiri ndi strpos. Iyo ikasowa imabweza false, ikapeza koyambirira imabweza 0, ndipo ukalemba `== false` ndi ma equals awiri, 0 ndi false zimaoneka zofanana. Umayenera kulemba atatu, `=== false`. Ine ndinalembapo kachidutswa kokana mauthenga oyamba ndi mawu ena ake ndipo kanakhala miyezi kakudutsitsa mauthenga omwewo amene kamayenera kukana, ndinazindikira munthu wina atadandaula, zinandiwawa kwambiri chifukwa ndinali nditayesa ndi mawuwo ali pakati pokha, sindinaganize zowaika koyambirira. PHP 8.0 itatuluka mu 2020 anabweretsa str_contains, yobweza true kapena false, ndipo kuyambira pamenepo strpos ndimangoigwira ndikafuna malo.

kamnyamata_ka_js
JavaScript nayo indexOf imabweza -1 ngati Python yomweyo, includes inabwera ndi ES2015. Khodi yakale mukaiona yadzadza `indexOf(x) !== -1` kapena `> -1` nchifukwa chake.

dala_wa_C
Ku C++ nkosiyananso. find ya std::string ikasowa imabweza npos, yomwe ndi nambala yaikulu kwambiri imene size_t ingasunge. Nde munthu wochokera ku Java kapena JavaScript amalemba `if (s.find(x) >= 0)` poganiza kuti akupewa -1, koma size_t ilibe minus, choncho if imeneyo ndi yoona nthawi zonse. Uyenera kufananitsa ndi `std::string::npos`. contains yangobwera mu C++23. Mu C weniweni, strchr imasaka chilembo chimodzi, strstr imasaka mawu, ndipo zonse zimabweza pointer, kapena NULL zikasowa. Ukafuna nambala ya malo umachotsera wekha, `p - s`, koma uyambe waona kuti p si NULL apo ayi pulogalamu ikupatsa zopanda mutu kapena kugwa kumene.

mayi_wa_data
Ndipo kwa ife okhalira SQL ndi Excel zimatembenukanso kachiwiri. INSTR, kapena CHARINDEX ya SQL Server, imawerenga kuyambira 1, ndipo 0 ndiye amatanthauza kuti mulibe. Nde 0 yemweyo ku Python akuti "ndapeza pachiyambi penipeni", ku SQL akuti "sindinapeze". FIND ya Excel nayo imayambira 1 koma ikasowa imalemba #VALUE! m'kabokosimo. Ine chinenero chilichonse chatsopano ndisanalembe kalikonse ndimayamba ndayesa zinthu ziwiri, kusaka chinthu chomwe chili koyambirira ndi kusaka chinthu chomwe mulibe, ndione chimene chibwere. Ndi mphindi imodzi yokha.

wophunzira_khodi
Ndaphunzira zambiri lero. Ndabweranso ndi lina pepani. Pulogalamu ina yomwe ndikupanga ndi yosaka mawu m'zolemba za Chichewa zimene anthu osiyanasiyana anatumiza. Ndikasaka "m'mawa" ikupeza malo 6 okha koma ndikatsegula fayilo ndi maso angawa ndikuona m'mawa ali mbwee, opitirira 20. Ndagwiritsa `in` monga munandiuzira. Zilembo zazikulu si vuto, ndaika lower() mbali zonse ziwiri.

mayi_wa_data
Ndikuganiza kuti ndikudziwa. Tengani mzere umodzi umene ikuulephera, muupange `print(ascii(mzere))` mutiuze chimene chatuluka pakati pa m ziwirizo.

wophunzira_khodi
Yatulutsa `m\u2019mawa`. Chimenecho nchani?

mayi_wa_data
Ndi chomwecho. Pali tizizindikiro tiwiri tooneka ngati timodzi. Kamene mumalemba pa kiyibodi ya kompyuta ndi kowongoka, nambala yake mu Unicode ndi U+0027. Kena nkopindika, U+2019, kamene mapulogalamu olembera makalata ndi makiyibodi ena a pa foni amaika okha munthu akamalemba, osamufunsa. Kwa inu ndi ine m'mawa ndi m'mawa, koma kompyuta siiona maonekedwe, imafananitsa manambala, ndipo 0027 si 2019. Pa Chichewa vutoli ndi lalikulu kuposa mmene anthu amaganizira chifukwa kachizindikiroka kali ponseponse, ng'ombe, m'nyumba, pang'ono, n'chifukwa, ndiye theka la zolemba zanu likhoza kukhala ndi kena theka lina kena. Musanasake sinthani zonse zikhale mtundu umodzi:

```
s = s.replace("\u2019", "'")
```

ndipo muchite zomwezo pa mawu amene munthu walemba mu bokosi losakira, chifukwa naye akhoza kukhala pa foni. Mukapeza ena akuthawabe yang'ananinso ndi ascii, pena anthu amaika U+2018 kapena backtick.

kamnyamata_ka_js
Komanso ena salemba nkomwe kachizindikiroko, amangoti mmawa kapena mamawa. Pamenepo replace sithandiza.

mayi_wa_data
Zoona, koma limenelo si vuto la find, ndi nkhani ya kalembedwe. Ngati mukufuna kugwira m'mawa ndi mmawa pamodzi mukhoza kuchotseratu kachizindikiroko mbali zonse musanafananitse, koma dziwani kuti mukatero ng'oma ndi ngoma zikhala mawu amodzi pomwe china ndi choimba china ndi nyama. Musankhe mukudziwa chomwe mukutaya.

wofatsa_unicode
Ndakhala ndikungowerenga koma apa ndilankhule, chifukwa achimwenewa akakonza apostrophe akumana ndi ŵ mawa lomweli. Chilembo chimenechi chimalembeka njira ziwiri mu Unicode. Njira yoyamba ndi chilembo chimodzi chathunthu, U+0175. Yachiwiri ndi w wamba kenako kachipewa kapadera, U+0302, kamene kamakwera pamwamba pa w ameneyo. Pa sikirini sungasiyanitse ngakhale utayang'anitsitsa bwanji. Koma yesani mu Python:

```
a = "ma\u0175a"
b = "maw\u0302a"
```

print ya zonsezi ikupatsani maŵa. Koma `len(a)` ndi 4, `len(b)` ndi 5, `a == b` ndi False, `a in b` ndi False. Ndipo chosangalatsa, `b.find("w")` ikubwezerani 2 chifukwa w wamba alimodi, pomwe `a.find("w")` ibweza -1. Mawu amodzi omwewo, mayankho awiri. Mankhwala ake ali kale mu Python, simukuyenera kuika china chilichonse:

```
import unicodedata
s = unicodedata.normalize("NFC", s)
```

NFC imaphatikiza w ndi kachipewa kukhala chilembo chimodzi. NFD imachita mosiyana, imazilekanitsa, ndipo imeneyo ndi yothandiza mukafuna kuti munthu wosaka "mawa" apezenso "maŵa", mumalekanitsa nkutaya tizipewa tonse kenako nkufananitsa. Dziwani kuti normalize siikhudza apostrophe yopindika ija, imeneyo mukonze nokha ndi replace monga amayi anenera.

dala_wa_C
Apa ndi pamene C imaonetsa poyera chimene zinenero zina zimabisa. Mu UTF-8 ŵ wathunthu amatenga ma byte awiri, C5 ndi B5, nde `strlen("maŵa")` ndi 5 osati 4, chifukwa strlen imawerenga ma byte, zilembo siizidziwa. Apostrophe yopindika imatenga atatu, E2 80 99. strchr singakusakireni ŵ chifukwa imayang'ana byte imodzi, muyenera kugwiritsa strstr ndi "ŵ" ngati string. Chabwino nchakuti Ken Thompson ndi Rob Pike pokonza UTF-8 mu 1992 anaonetsetsa kuti byte yoyamba ya chilembo isafanane ndi ma byte otsatira, nde strstr siingakupezereni zabodza zoyambira pakati pa chilembo china. Koma nambala yomwe mupeze ndi ya ma byte. Go ndi Rust nazonso zimabweza malo a byte. Mukatenga nambala imeneyo nkuipereka ku pulogalamu ina imene imawerenga zilembo, mudula pamalo olakwika.

kamnyamata_ka_js
Ndipo JavaScript siwerenga ma byte kapena zilembo, imawerenga tizidutswa ta UTF-16. ŵ ndi kamodzi, palibe vuto, koma emoji zambiri ndi tiwiri, `"😀".length` ndi 2. Nde uthenga ukakhala ndi emoji kutsogolo, indexOf ya JavaScript ndi find ya Python zipereka manambala osiyana pa mawu omwewo. Ndinavutika nazo pamene seva ya Python imatumiza malo oti ndipake utoto pa mawu mu browser, uthenga uliwonse wokhala ndi emoji utoto umayambira chilembo chimodzi kumbuyo. Java ndi C# nazo zimawerenga UTF-16 chimodzimodzi.

regex_basi
Abale zonsezi bwanji osangogwiritsa regex, njira yosakira polemba pateni ya mawu m'malo mwa mawu enieniwo? `re.search("m['\u2019]?mawa", s, re.IGNORECASE)` yagwira mitundu itatu, ya apostrophe yowongoka, ya yopindika ndi mmawa, pa mzere umodzi, zilembo zazikulu zomwe. Ine find ndinasiya kalekale.

mayi_wa_data
Pa mawu amodzi amene mukuwadziwa kale eya, nzabwino. Koma achimwenewa mawu osakawo akuchokera kwa munthu, sakudziwa kuti alemba chani. Munthu akalemba 3.5 regex itenga dontho ngati "chilembo chilichonse" nde ipezanso 315 ndi 3x5. Akalemba bulaketi yotsegula yokha pulogalamu igwa ndi error. Mukafuna kulowetsa mawu a munthu mu regex muyenera kuwadutsitsa kaye mu `re.escape`, ndipo anthu ambiri amaiwala. Ine lamulo langa nloti ngati `in` ikukwanira, ndisapite ku regex.

regex_basi
Chabwino amayi ndavomera za escape. Koma pali zina zomwe `in` singathe. Sakani "ana" muone, ikupatsani mwana, anayi, kukangana, anabwera, zonsezo. Mawu athunthu mungawapeze bwanji popanda `\bana\b`?

wofatsa_unicode
Apo mukunena zoona amwene, koma `\b` nayo pa Chichewa muiyang'anitsitse. Iyo imaona malire paliponse pamene chilembo chakumana ndi chosakhala chilembo, ndipo apostrophe kwa iyo si chilembo. Nde `\bombe\b` ipezeka mkati mwa ng'ombe, ndipo `\bono\b` mkati mwa pang'ono. Pa m'nyumba zimenezi zimathandiza, wosaka nyumba amaipeza, koma pa ng' zimaononga chifukwa ng' ndi liwu limodzi. Komanso mu JavaScript `\b` imangodziwa zilembo za a mpaka z, manambala ndi underscore, nde ŵ imamutenga ngati malire, `\bma\b` ipezeka mu maŵa. Python 3 imamudziwa ŵ wathunthu kuti ndi chilembo, koma uja wolekanitsidwa kachipewa kake sikawerengedwa, nde normalize iyambe ndithu.

regex_basi
Za ng' sindinaziganizepo. Ndiyesa ndi lookbehind, yoyang'ana zilembo za kumanzere kwa mawu, yokana apostrophe ikakhala pambuyo pa ng.

wophunzira_khodi
Ndachita replace ndi NFC, tsopano m'mawa akupezeka 23. Funso lomaliza mwina: ndikufuna malo onse amene mawu apezeka, osati oyamba okha. find ikungondipatsa amodzi.

dala_wa_C
find imalandira nambala yachiwiri, poyambira kusaka. Nde mumazungulira:

```
i = s.find(x)
while i != -1:
    malo.append(i)
    i = s.find(x, i + 1)
```

Samalani ndi `i + 1` ameneyo. Mukaiwala nkulemba `i` yekha loop siitha, izingopeza malo omwewo mpaka kalekale. Ndipo pali chosankha apa. `i + 1` imagwira ngakhale mawu olowerana, `i + len(x)` imadumpha mawu onse apezekawo. Chitsanzo, mu "mamama" muli "mama" angati? Loop ya pamwambayi ipeza awiri, pa 0 ndi pa 2. Koma `"mamama".count("mama")` ibweza 1, chifukwa count siwerenga zolowerana, ndipo re.finditer nayonso chimodzimodzi pokhapokha mutagwiritsa lookahead, yoyang'ana zilembo za kumanja osasuntha. Palibe cholakwika pa ziwirizi, zimatengera funso lanu. Kanthu kena, munthu akasiya bokosi losakira lopanda kanthu, `s.find("")` imabweza 0 ndipo `"" in s` ndi True nthawi zonse, nde loop ija itola malo aliwonse mu fayilo yonse. Muyambe mwaona kuti x ili ndi kanthu.

wa_chaka_chachitatu
Ife kukalasi atiphunzitsa kuti kusaka kotereku nkochedwa, O(n·m), kutanthauza utali wa string yaikulu (n) kuchulukitsa ndi utali wa mawu osakawo (m), ndipo njira yoyenera ndi KMP. Achimwene ngati mafayilo ndi aakulu lembani KMP yanu, ndikhoza kukutumizirani yanga.

wophunzira_khodi
KMP nchani kodi?

wa_chaka_chachitatu
Knuth, Morris ndi Pratt, anaisindikiza mu 1977. Njira wamba imaika mawu osakawo pa malo 0, kufananitsa chilembo ndi chilembo, ikalephera imasuntha kamodzi nkuyambiranso pachiyambi, kuiwala zonse zimene yaona. KMP siiwala. Tiyeni tisake "mamawa" mu "mamamawa". Zinayi zoyamba zagwirizana, m a m a, chachisanu tikufuna w koma tapeza m. Njira wamba ibwerera mmbuyo kukayambira pa chilembo chachiwiri. KMP imadziwa kale kuti "ma" womaliza wa zimene zagwirizanazo ndi wofanana ndi "ma" woyamba wa mawu athu, nde imasuntha kawiri nthawi imodzi nkupitiriza pomwe inaima, m a w a, yapeza pa 2. Chala chake pa string yaikuluyo sichibwerera mmbuyo olo kamodzi, nchifukwa chake nthawi yake ndi n kuphatikiza m osati n kuchulukitsa ndi m. Mukakhala ndi "a" 1,000,000 otsatizana nkumasaka "a" 999 otsatiridwa ndi b, njira wamba ifananitsa pafupifupi ka 1,000,000,000, KMP mamiliyoni awiri osapitirira.

dala_wa_C
Mwafotokoza bwino kwambiri mphwanga, ndipo KMP muiphunzire ndithu chifukwa imatsegula mutu. Koma malangizo oti alembe yake mu Python ndikukana. find ya Python inalembedwa mu C, ndipo si njira wamba ija, imadumpha kale malo amene ikuona kuti sangagwirizane, ndipo kuyambira Python 3.10 ya mu 2021 pa ma string aatali imagwiritsa Two-Way ya Crochemore ndi Perrin, yomwe inaikidwa dala kuti ithetse vuto la "aaaa" mwatchulalo. KMP yolembedwa ndi for loop ya Python, chilembo chilichonse kudutsa mu interpreter, idzachedwa kutalitali kuposa find pa zolemba za anthu. Musandikhulupirire ine, tengani timeit muyese pa fayilo yeniyeni. Komanso zolemba za anthu sizikhala "aaaa", kawirikawiri chilembo choyamba kapena chachiwiri chalephera kale nde njira wamba yomwe imathamanga bwinobwino.

wa_chaka_chachitatu
Ndayesa pompano pa fayilo yanga ya manotsi. find yapambana ndipo si pang'ono. Sindimayembekezera. Nde KMP ntchito yake nchani?

dala_wa_C
Ilipo. Pamene zilembo zikubwera ngati mtsinje, kuchokera pa netiweki kapena pa sensa, ndipo simungathe kusunga zonse kapena kubwerera mmbuyo, KMP ndi yoyenera chifukwa imangoyang'ana chilembo chilichonse chikamadutsa. Ndipo nzeru yake yomweyo ndi imene ili mu Aho-Corasick ya mu 1975, yosaka mawu ambirimbiri nthawi imodzi. Mukakhala ndi mndandanda wa mawu 5,000 oti muwasake mu uthenga uliwonse, kuitana find ka 5,000 ndi kumene kumachedwa, Aho-Corasick imadutsa uthengawo kamodzi kokha nkupeza onse. Imene ine imandisangalatsa kwambiri ndi Boyer-Moore, ya 1977 yomweyo, chifukwa imayambira kumapeto kwa mawu. Mukusaka "mtengo", zilembo 6. Imayang'ana chilembo chachisanu ndi chimodzi cha string yaikulu, ikapeza z, ndipo z mulibe mu mtengo, imadziwa kuti palibe njira mawuwo angadutse pamenepo nde imalumpha malo 6 onse osayang'ana nkomwe zisanu zinazo. Mawu akatalika ndi pamene imathamanga kwambiri, zomwe poyamba zimamveka ngati zosatheka. GNU grep imadalira nzeru imeneyi, ndipo C++17 inaiika mu library ngati boyer_moore_searcher.

mayi_wa_data
Ndingowonjezera za database poti mapulogalamu otere amathera komweko. `LIKE '%mawa%'` imagwira ntchito koma % wakutsogoloyo amachititsa kuti index wamba isathandize, database imawerenga mzere uliwonse. Pa mizere zikwi zochepa simuona kanthu, ikafika mamiliyoni muyamba kudikira, pamenepo ndi pofunika full-text search. Ndipo % ndi underscore mkati mwa LIKE zili ndi tanthauzo lapadera, nde ndi nkhani yomweija ya escape.

php_mpaka_kale
Za lower() zija palibe wanenapo. Pa Chichewa ndi Chingerezi ilibe vuto, Ŵ amasanduka ŵ bwinobwino mu Python. Koma ngati zolemba zidzakhale ndi zinenero zina, casefold ndi yomwe inapangidwira kufananitsa, mwachitsanzo ß wa Chijeremani imamusandutsa ss pomwe lower imamusiya. Ku PHP strtolower ndi strpos zimaona ma byte, ukafuna zilembo umatenga mb_strtolower ndi mb_strpos.

wophunzira_khodi
Abale ndabweranso, china chatulukira. Kusaka kukuyenda bwino koma ndikamaonetsa mzere woyambirira uja ndi nyenyezi kuzungulira mawu apezekawo, m'mizere ina nyenyezi zikulowa pamalo olakwika, zikutsogola ndi chilembo chimodzi, pena ziwiri. Mwachitsanzo yatulutsa `maŵa* m'maw*a` m'malo mozungulira m'mawa yense.

wofatsa_unicode
Mukusaka mu string yokonzedwa koma mukudula string yakale eti?

wophunzira_khodi
Eya, ndimafuna munthu aone mmene zinalembedwera poyamba.

wofatsa_unicode
Ndi pamenepo. Mu mzere umenewo maŵa wakale ndi wa zidutswa 5, NFC yamufupikitsa kukhala 4, nde chilichonse chobwera pambuyo pake chasuntha ndi malo amodzi. Mzere wokhala ndi ŵ awiri otere usuntha ndi awiri, nchifukwa chake mukuona pena chimodzi pena ziwiri. Nambala imene find yakupatsani ndi ya string imene munasakamoyo basi, siigwira pa ina. casefold nayo ikhoza kuchita zomwezo, ß mmodzi akasanduka ss string yatalika. Njira yosavuta, pangani NFC kamodzi kokha pamene mukuwerenga fayilo, musunge imeneyo, ndipo muziionetsa yomweyo, munthu saona kusiyana kulikonse chifukwa ŵ akuoneka chimodzimodzi. Kenako kuchokera pa imeneyo mupange ina yosakira, ya replace ndi lower. replace ya apostrophe ikusintha chilembo chimodzi ndi chimodzi nde malo sasuntha, lower pa zilembo za Chichewa chimodzimodzi. Kuti mugone ndi mtendere ikani `assert len(yosakira) == len(yoonetsa)`, tsiku lina kukadzabwera chilembo chachilendo chosintha utali mudzamva pomwepo.

wophunzira_khodi
Ndasuntha normalize kuiika powerenga fayilo, ndaikanso assert. Nyenyezi zakhala pamalo pake m'mizere yonse 23, ndayang'ana umodziumodzi. Ndayesanso kusaka mawu ali koyambirira kwenikweni kwa mzere, mawu omwe mulibe, ndi bokosi lopanda kanthu monga amayi ndi adala ananenera, lopanda kanthulo linandigwira, ndaika if pamwamba. Zikomo nonse. A regex_basi mukaipeza ija ya ng' muiponye pano, ndikuifuna pa kusaka mawu athunthu.

regex_basi
Ndaipeza, pa string yoti apostrophe mwaiwongola kale ndi lower mwapanga: `(?<!ng')\b` kutsogolo, kenako `re.escape(x)`, kenako `\b`. Ndayesa, ombe sakupezekanso mu ng'ombe koma nyumba akupezeka mu m'nyumba. Chotsala ndi kumapeto, wosaka "pang" akupezabe pang'ono, nde muwonjezere `(?!')` pambuyo pa `\b` womalizayo.